Nissan 1400 yagona pabwalo: tiikemo 4A-GE 20V kapena tidzutse A14 yomweyo?

Wa1400: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali Nissan 1400 bakkie ya injini ya A14 ya kabuleta. Ikufuka utsi wa buluu, ndipo pansi pa mapazi a dalaivala pabooka ndi dzimbiri. Cholinga n'kuimanga pakhomo pang'onopang'ono kuti ikhale yoyendera masiku onse koma yokoka bwino, osati ya mpikisano. Zida zomwe zilipo ndi jeke, ma axle stand anayi, chain block ndi makina owotcherera a arc. Kodi ndiikemo injini ya Toyota 4A-GE 20V (ya mavavu 20) kapena ndikonze A14 yomweyo? Ndiyambire pati, ndipo ndisagule chiyani?

SipanalaTeni: Za injini zisiyeni kaye achimwene, yambani ndi bodi. 1400 ilibe chasisi chapachokha ngati Hilux. Kabu, bini ndi zitsulo zapansi n'zowotchereredwa pamodzi, ndiye dzimbiri likadya pansi ladyanso mphamvu ya galimoto yonse. Chotsani mipando, kapeti ndi labala wa galasi lakutsogolo, mutenge sikuludiraiva muzibaya malo awa: pansi pa mapazi mbali zonse, m'munsi mwa zitseko, makona a kabu kumbuyo kwa mipando, pokhala batire, pamwamba pomwe mashoko akutsogolo amamangidwa, ndi pomwe masipuling'i akumbuyo amagwira bodi. Malo awiri omalizawo akakhala ofewa, ganizani kawiri musanaponyemo ndalama. Pansi pa mapazi pokha si vuto lalikulu.

Wowotcherera: Makina a arc amenewo asungireni ma mounting a injini ndi chitsulo chonyamula giyabokosi. Pa bodi sakuthandizani. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, pafupifupi 0.9 mm, ndodo ya 2.5 imangoboola ngati mukuwotcha pepala. Chofunika ndi makina owotcherera a MIG a waya wa 0.6 kapena 0.8 mm. Gasi amathekanso, koma amatenthetsa malo aakulu ndipo chitsulo chimapindika, kenaka mumayamba kubisa ndi fila.

Dulani dzimbiri lonse mpaka mufike pa chitsulo choyera, muonjezerenso 20 mm. Jambulani dzenjelo pa katoni, dulani chigamba cha 1.0 mm pa bodi kapena 1.2 mm pansi pa mapazi. Musachisanjike pamwamba pa chitsulo chakale, chifukwa pakati pake pamalowa madzi ndipo dzinja ziwiri zikadutsa mwabwerera pomwe munayambira. Chilowe ndendende m'dzenjemo, kampata ka 1 mm. Wotcherani timadontho, kamodzi apa, kena kutsidya, kudikira kuti pazizire, mpaka timadonthoto tikumane. Mukatha perani, pakani epoxy primer mbali zonse ziwiri, seam sealer m'mizere. Fila asapitirire 3 mm. Ndipo thanki ya petulo ichoke mu galimoto musanayatse moto uliwonse. Thanki yokhayo musaiwotcherere ngakhale itaoneka youma, mpweya wotsalira mkati ndi womwe umaphulika.

MadalaWaDatsun: Pa funso la injini, ine ndili mbali ya A14. Galimoto imeneyi anaipanga ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008, ndiye zipangizo zake zidakalipo zambiri: mapisitoni, maring'i, mabelingi, magasiketi, pampu ya madzi. Injiniyo ndi ya 1397 cc, ya tcheni osati lamba, ya ma pushrod, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Utsi wa buluu ndi maring'i kapena ma valve stem seal. Yezani compression youma, kenaka thirani kasupuni ka oyilo m'dzenje la pulagi muyezenso. Ikakwera kwambiri, ndi maring'i. Ikapanda kusintha, yang'anani mavavu.

Mukaimanga mwatsopano, onjezerani izi: kabuleta ya Weber 32/36 pa manifold yake, ekizozi ya mapaipi anayi olowa awiri kenaka imodzi, paipi ya 45 mpaka 50 mm mpaka kumbuyo, distributor ya electronic m'malo mwa mapointi. Mpata wa mavavu 0.35 mm injini ili yotentha. Mukapeza A15, imalowa pa ma mounting omwewo, ndipo stroke yake ndi 82 mm m'malo mwa 77, ndiye imakoka bwino pa zitunda. Palibe kudula chilichonse.

Wa1400: Madala, Weber ija singamwe mafuta kwambiri?

MadalaWaDatsun: Ayi, ikakhala yotcheredwa bwino. 32/36 imayenda ndi khosi limodzi la 32, lachiwiri la 36 limatseguka mukaponda kwambiri. Omwe amadandaula kuti imamwa amakhala aika yochokera pa injini ya 2 litre osasintha majeti. Chinanso, Weber safuna mphamvu yambiri ya pampu, 0.2 bar yakwana. Ikapitirira, float imagonja ndipo petulo amasefukira. Kumbukiraninso kuti Lilongwe ndi Blantyre zili pamwamba pa mamita 1000, mpweya ndi wochepa kusiyana ndi ku Durban kapena ku Nsanje. Majeti oyenera kunyanja ya mchere kuno amadetsa mapulagi. Pa A14 manifold ya mpweya ndi ya ekizozi zili mbali imodzi, kabuleta imakhala pamwamba pa moto, ndiye ikani kachitsulo kotchinga kutentha ndi spacer ya fibre pansi pa kabuleta, apo ayi izikuvutani kulira ikatentha.

WakuJoni: Zonsezo n'zoona madala, koma A14 yokonzedwa chonchi ndi 20V sizingafanane. 20V ilipo mitundu iwiri: silvertop ya mu Corolla AE101 anailemba mphamvu ya 160 PS, blacktop ya mu Corolla AE111 165 PS pa 7800 rpm, zonse 1587 cc. Mu galimoto yopepuka ngati 1400, imeneyo ndi nkhani ina. Kuno ku Joni 20V anaigulitsa mu Corolla RSi ndi RXi, ndipo kuiika mu 1400 ndi njira yopondedwa kale, zipangizo zosinthira zimapezeka zopangiratu.

SipanalaTeni: Nanga injini ya Nissan SR20DE? Ya mu Silvia imabwera kale yoyendetsa matayala akumbuyo ndi giyabokosi yake.

WakuJoni: Imalowa, koma ndi yaitali kukwera m'mwamba, giyabokosi yake ndi yonenepa moti tunnel muyenera kuidula yonse, ndipo torque yake imamaliza difu ya 1400 msanga. Kwa munthu womanga pakhomo koyamba, 20V ndi yochezeka.

MkuluWaInjini: Yochezeka inde, koma achimwene a 1400 adziwe chomwe akulowamo. 20V anaipangira galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, injini yogona chopingasa. Mukaitembenuza kuti iloze kumbuyo, zinthu zisanu zimasemphana.

Choyamba distributor. Ili kumbuyo kwa hedi, mbali ya flywheel, ndiye imagunda firewall, chitsulo cholekanitsa injini ndi kabu. Mutha kudula firewall n'kupanga kabokosi kolowa mkati, kugula kit yoisamutsa, kapena kuichotseratu n'kuika koyilo pa pulagi iliyonse. Njira yachitatuyi imafuna ECU (kompyuta ya injini) ina, ya Toyota singakwanitse popanda zoonjezera.

Chachiwiri madzi. Polowera ndi potulukira madzi palinso kumbuyo komweko, pomwe redieta ili kutsogolo. Pamafunika kit yobweretsa mapaipi kutsogolo. Ena amangolumikiza mahosi aatali a labala kuzungulira injini. Imayenda, koma mpweya umatsekeredwa pamwamba pa hedi, geji imaonetsa bwinobwino pomwe silinda yachinayi ikupsa. Paipi ikhale yachitsulo kapena aluminiyamu, yokhala ndi kabawuti kotulutsira mpweya pamalo okwera kwambiri, ndipo thermostat isachotsedwe.

Chachitatu sampu. Onani pomwe chidebe chake chagwera poyerekeza ndi crossmember (chitsulo chopingasa pansi pa injini) ndi chitsulo cha siteringi chodutsa pansi. Pakhale mpata wa 15 mm mbali zonse, ndipo tembenuzani siteringi mpaka kumapeto uku ndi uku poyeza. Mukadula sampu, paipi yoyamwa oyilo itsike mpaka 8 kapena 10 mm kuchokera pansi pake. Yezani ndi kadongo: ikani pa sefa, tsekani sampu, tsegulani, yezani kukhuthala kwa dongolo.

Chachinayi spigot bearing, kabelingi kogwira nsonga ya shafti ya giyabokosi kumbuyo kwa crank. Giyabokosi ya matayala akutsogolo siifuna, ndiye kumbuyo kwa crank mupeza dzenje lopanda kanthu. Ya matayala akumbuyo imaifuna. Mukaiwala, shafti ya giyabokosi imavina, belingi yakutsogolo imatha ndipo magiya amayamba kukana. Kanthu kotchipa, koma kukaika pambuyo pake n'kutsitsanso giyabokosi.

Chachisanu ma throttle anayi, poti 20V ili ndi imodzi pa silinda iliyonse. Pa galimoto ya siteringi ya kumanja amagwera mbali ya dalaivala, pafupi ndi booster ya mabuleki ndi master ya kilatchi. Bokosi la mpweya la fakitale nthawi zambiri silikwana. Ubwino wake ekizozi imagwera kumanzere, kutali ndi siteringi.

Wa1400: Akulu, giyabokosi yake ndi iti? Pali wina akugulitsa ya Corolla KE70, akuti ndi yomweyo.

MkuluWaInjini: Musagule. KE70 ili ndi injini ya 4K ndi giyabokosi ya K40 kapena K50, mabawuti ake sakumana ndi buloko ya 4A, komanso ndi yofooka. Mukufuna giyabokosi ya T50 yokhala ndi bellhousing (chigoba chomangira giyabokosi ku injini) ya injini za A za Toyota, ngati ya mu AE86 kapena AE71. Chenjerani, T50 ina inkabwera kumbuyo kwa 2T ndi 3T, bellhousing yake ndi yosiyana ngakhale giyabokosi ndi dzina lomwelo. Pitani ndi katoni yomwe mwajambulapo mabowo a kumbuyo kwa injini yanu. T50 ikasowa, W55 kapena W58 ya mu Cressida ndi Supra ndi yolimba kuposa, koma imafuna bellhousing yosinthira ndipo ndi yaikulu. Pogula, tembenuzani shafti ndi dzanja m'giya iliyonse, gwedezani shafti yakutsogolo, tsegulani bawuti yotulutsira oyilo muone maginito. Tiufa tachitsulo n'tachibadwa, tizidutswa ta mano ayi. Tengani pamodzi ndi foloko ya kilatchi, slave cylinder, slip yoke ndi sitata yogwirizana ndi bellhousing imeneyo. Werengani mano a shafti musanagule clutch plate.

SipanalaTeni: Kilatchi ya T50 imeneyo ndi ya mafuta. Ngati pedulo yanu ndi ya kebulo, muyenera kuboola firewall, kulimbitsa malowo ndi chitsulo cha 3 mm, n'kuika master ya 5/8. Popanda cholimbitsacho firewall imapuma mukaponda, kenaka imang'ambika.

WakuJoni: Pogula injini, gulani half-cut (theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa), osati injini yokhayokha. Mukufuna ECU, mawaya onse osadulidwa, igniter, koyilo, alitineta, masensa, ndipo ikakhala silvertop, airflow meter yake. Blacktop ilibe airflow meter, imagwiritsa MAP sensor, ndiye mutha kuika ma trumpet ndi fyuluta popanda bokosi. Silvertop pa ECU yake imafuna mpweya wonse udutse mu mita ija, bokosi likhale lotseka bwino. ECU ya silvertop ndi ya blacktop musazisinthanitse.

Compression ikhale pamwamba pa 12 bar, pansi pa 10 isiyeni, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1 bar. Tsegulani chotsekera oyilo muunike mkati. Phala lakuda ngati phula ndiye kuti oyilo sankasinthidwa. Ikamalira "kwere-kwere" kutsogolo pa idle, phokoso n'kutha mukaponda pang'ono, kawirikawiri ndi pulley ya VVT yatha. Injini ili pansi sinthiranitu lamba wa timing, tensioner, pampu ya madzi, ma oil seal a crank kutsogolo ndi kumbuyo, ndi a ma camshaft. Mukatsegula hedi, mabawuti ake amamangidwa pafupifupi 30 Nm, kenaka madigiri 90, kenakanso 90, kuyambira pakati kupita kunja.

MadalaWaDatsun: Mwaona mndandandawo achimwene? Ndipo sanafike pa mafuta ndi magetsi.

WaMawaya: Tafika madala. Thanki ya 1400 ya kabuleta ilibe zotchinga mkati zoyenera injection ndipo pampu yake ndi ya mphamvu yochepa. 20V imafuna pafupifupi 3 bar ndi paipi yobwezera mafuta. Dongosolo labwino ndi ili: thanki, fyuluta yoyamba, pampu yaing'ono yonyamula, surge tank (kathanki koonetsetsa kuti pampu isasowe mafuta) ya lita imodzi kapena imodzi ndi theka, pampu ya injection, fyuluta yachitsulo, fuel rail, regulator, kubwerera mu surge tank, ndipo pamwamba pa surge tank paipi yosefukira kubwerera mu thanki yaikulu. Popanda surge tank, mafuta akatsika kufika kota, pa kona pampu imayamwa mpweya, injini imadula, ndipo ikadula ili pa 7000 rpm mapisitoni ndi omwe amalipira.

Paipi yopita ikhale ya 8 mm yachitsulo, yomangidwa pa bodi masentimita 30 aliwonse, kutali ndi ekizozi. Hosi ya labala ikhale yolembedwa SAE J30 R9, osati R7 ya kabuleta. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amafewetsa labala wakale n'kumatula dzimbiri la mu thanki. Thanki itsukidwe isanalumikizidwe, apo ayi ma injector atsekeka sabata yoyamba. Makilampu akhale a injection ozungulira bwino, osati aja a mano omwe amadula hosi.

Pampu ikhale pa relay yake, fyuzi ya 15 A, waya wa 2.5 mm², ndipo relay iziyatsidwa ndi ECU kudzera pa waya wa FC, osati pa kiyi. Mukailumikiza pa kiyi, tsiku la ngozi injini izima koma pampu izipitiriza kupopera petulo pa ekizozi yotentha.

Wa1400: Za ECU, ndisunge ya Toyota kapena ndigule ina?

WaMawaya: Half-cut ikabwera yathunthu ndipo mwavomera kudula firewall chifukwa cha distributor, sungani ya Toyota. Imalira bwino m'mawa, idle yake ndi yokhazikika, sifuna dyno (makina oyezera mphamvu potchera injini). Mawaya ofunika si ambiri: BATT ya moto wosazima, +B yochokera ku main relay, STA yochokera ku sitata, FC, nyali ya check engine, ndi ma earth E1, E01 ndi E02 omwe ayenera kumangidwa pa injini penipeni, pa chitsulo chopalidwa, osati pa bodi ya penti. Vuto lotchuka ndi ili: injini ikulira masekondi awiri n'kuzima. Nthawi zambiri ndi IGF, waya wochokera ku igniter wouza ECU kuti moto wathetheka. ECU ikapanda kumva, imadula mafuta. Lumikizani TE1 ndi E1 pa diagnostic, tsegulani kiyi, werengani kuphethira kwa nyali. 12 ndi signal ya distributor, 14 ndi IGF ija, 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 31 ndi airflow meter kapena MAP, 41 ndi throttle position. Timing imatcheredwa pa madigiri 10 BTDC (pisitoni isanafike pamwamba) mawaya awiri omwewo ali olumikizidwa.

Mukafuna kuchotsa distributor, ndiye ECU za Dicktator, Spitronics kapena Gotech za ku South Africa, gudumu la mano 36-1 kapena 60-2 pa pulley ya crank, sensa itatalikira pafupifupi 1 mm pa bulaketi yosagwedera, ndi makoyilo a 1NZ-FE. Amenewo kuno ali mbwee chifukwa cha Sienta ndi Probox. Koma funsani kaye kuti adzaitchera ndani. ECU yotere imabwera ndi mapu ongolizira injini basi. Popanda wideband (choyezera kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo) ndi munthu wodziwa, muziyenda ndi injini yomwa ngati lole kapena yowonda mafuta mpaka kusungunula pisitoni. Poyenda wamba mukufuna wideband iziwerenga 14.7, mukaponda mpaka pansi 12.5 mpaka 13. Blacktop ili ndi compression ya 11:1, anaipangira petulo wa octane yokwera wa ku Japan, ndiye timing musaikokere patsogolo mwadyera. Mukamva kulira ngati timisomali mu chitini pokwera chitunda, bwezani.

Ndipo chonde, mawaya opotokola ndi dzanja n'kukulunga tepi ayi. Crimp yabwino ndi heat shrink. Pa dzenje lililonse la firewall pakhale labala. Chingwe cha batire 25 mm², earth imodzi ku injini, ina ku bodi.

AnganawaMabuleki: Abambo inu mwakamba za kuthamanga tsiku lonse, palibe wanena za kuima. Mphamvu ikuchulukitsidwa kuposa kawiri pa galimoto yomwe kumbuyo n'kopepuka ngati lichero ikakhala yopanda katundu. Mabuleki ndi miyendo zipangidwe injini isanalowe. Ngati kutsogolo kuli ma drum, ma disc alowe. Mukaika ma caliper aakulu, onaninso master: yaing'ono kwambiri pedulo imamira, yaikulu kwambiri pedulo imauma koma galimoto siima. Kumbuyo ma drum abwinobwino akwana. Omwe amathamangira ma disc kumbuyo popanda proportioning valve amapeza matayala akumbuyo akugwira oyamba pa mvula, galimoto n'kutembenuka kuloza komwe yachokera.

Mapaipi a zaka zonsezi asinthidwe, a 4.75 mm achitsulo kapena copper-nickel, okhala ndi double flare. Paipi ya kopa ya mafiriji ayi, imasweka ndi kugwedera. Mahosi atatu a labala atsopano, mafuta DOT 4, kutulutsa mpweya kuyambira tayala lakutali ndi master. Booster imafuna vacuum, ndipo pa ma throttle anayi muitenge pa paipi yomwe imalumikiza onse anayi, ndi one-way valve pakati. Mukatenga pa silinda imodzi, kuponda kwachiwiri pedulo imakhala mwala.

SipanalaTeni: Mayi anena zoona. Onjezerani ball joint, tie rod end, idler arm, mabushi onse ndi mashoko. Bokosi la siteringi likhale lopanda mpata wambiri pakati. Kutsitsa galimoto podula masipuling'i ndi grinder kapena kuwatenthetsa ndi gasi n'kuononga. Kumbuyo ma lowering block asapitirire 50 mm, ndi ma U-bolt atsopano. Ndi misewu yathu ndi mahampu ake, sampu ikhale 130 mm kapena kuposa kuchokera pansi, ndipo isakhale chinthu chotsikitsitsa pa galimoto. Crossmember ndiyo izigunda kaye.

Wa1400: Marimu ndimaganiza a 15, matayala 195/50.

AnganawaMabuleki: Onani masamu ake achimwene. 175/70 R13 ndi 575 mm kutalika, 185/60 R14 ndi 578 mm, 195/50 R15 ndi 576 mm. Onse ndi ofanana, kusiyana kuli pa nyama ya m'mbali: 122 mm, 111 mm ndi 97 mm. Dzenje la pa M1 silifunsa kuti rimu munagula zingati. 14 ndiye pakati pabwino, bola caliper ikwane mkati. Mabowo ndi 4x114.3. Marimu a 4x100 a Vitz kapena Golf sakwana, ndipo zoti akuboolereni mabowo ena musalole. Yesani rimu imodzi kutsogolo, siteringi mpaka kumapeto, muone ngati ikukhudza strut kapena fenda musanalipire onse anayi.

MkuluWaInjini: Tayala lomwelo litithandize pa difu. 576 mm ndi mamita 1.81 pa kuzungulira kumodzi, ndiye pa 100 km/h tayala limazungulira ka 921 pa mphindi. Giya yachisanu ya T50 ndi 0.861. Ndi difu ya 4.1 injini ili pa 3250 rpm, ndi 4.3 ngati ya AE86 ili pa 3400. 20V mphamvu yake ili kumwamba, ndiye difu ya 3.7 kapena yocheperapo imaigonetsa tulo. Kuti mudziwe yanu, kwezani tayala limodzi lakumbuyo, giya pa free, lizungulitseni kawiri ndendende, muwerenge kuti propshaft yazungulira kangati. Difu ya fakitale ipirira mukamayenda mwaulemu. Mukayamba kudumphitsa kilatchi pa 5000, ma side shaft ndi timagiya tamkati ndi zoyamba kupita. Kuwotcherera difu pa galimoto ya pamsewu ayi.

Propshaft ipangidwe ku engineering, kutsogolo yoke ya T50, kumbuyo flange ya difu yanu, ndipo ibalansidwe. Yezani utali galimoto itaima pa matayala ake, yoke italowa mpaka kumapeto kenaka n'kutulutsidwa 20 mm. Mafoloko a mbali ziwiri aloze kumodzi. Injini ndi giyabokosi zipendekere kumbuyo pafupifupi madigiri atatu, ndipo mphuno ya difu ikwere ndi madigiri omwewo kuti mizere iwiriyo iyendere limodzi. Zikasiyana kupitirira digiri imodzi, mumva kunjenjemera pakati pa 80 ndi 100 komwe kubalansa matayala sikungathetse. Foni yokhala ndi app yoyezera kupendekeka imakwana pa ntchito imeneyi.

Wowotcherera: N'chifukwa chake ma mounting amapangidwa injini ndi giyabokosi zili zomangana, zitalendewera m'malo mwake pa chain block, galimoto ili pa level. Ikani redieta, fani, booster ndi bonet kaye, muone kuti zonse zikukwana. Jambulani ndi katoni, dulani chitsulo cha 4 kapena 5 mm, gwirizitsani ndi timadontho, tulutsani, malizitsani panja. Pakati pakhale labala wa mounting wa galimoto yopezeka paliponse, kuti akadzatha musadzavutike. Chain block isapachikidwe pa mtanda wa denga la khonde kapena nthambi ya mango. Pangani miyendo itatu ya paipi yokhuthala. Pansi pa galimoto, ma stand okha, njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

WakuJoni: Redieta ya A14 ndi yaing'ono kwa 20V. Ikani ya aluminiyamu ya mizere iwiri, fani yamagetsi ya mainchesi 12 kapena 14 yokoka kuchokera kumbuyo, yokhala ndi chophimba chake, pa relay ndi switch yoyatsa cha pa madigiri 92. Thermostat ya 82. Madzi a pa mjigo ayi, amasiya miyala m'timapaipi. Sakanizani coolant ndi madzi a distilled, gawo limodzi pa atatu kapena theka ndi theka. Mayeso ake enieni ndi kukwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu Okutobala. Ekizozi ya 57 mm yakwana, ndi flex joint pambuyo pa manifold. Ya 76 mm ndi phokoso chabe, mphamvu ya pansi imathawa.

MadalaWaDatsun: Mapepala musaiwale. Nambala ya injini ili mu blue book, ndiye mukasintha injini kapena mtundu wa penti ziyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic, apo ayi pa COF ndi pa roadblock mudzafotokoza mpaka kukhosi kuume. Risiti ya injini ikhale ndi nambala ya injiniyo, ndipo ngati yalowa kuchokera kunja, mapepala a MRA asungidwe. Injini yomwe nambala yake yaperedwa ndi grinder isiyeni ngakhale itatchipa bwanji. Podula firewall kapena pomata zigamba, malo a nambala ya chasisi asakhudzidwe. Pitani mukafunse zofunika musanadule chitsulo choyamba, ndipo a inshuwalansi auzidwe.

Wa1400: Ndamva akuluakulu. Ndiyamba ndi bodi, mabuleki ndi miyendo, A14 ndiyeze compression kaye. Half-cut yathunthu ndi T50 ya bellhousing yoyenera zikapezeka zonse pamodzi, 20V ilowa. Funso lotsala, tsiku loiliza koyamba ndichite chiyani?

MkuluWaInjini: Thirani oyilo ndi fyuluta yatsopano. Chotsani mapulagi, zulani fyuzi ya pampu ya mafuta ndi pulagi ya igniter, zungulitsani ndi sitata masekondi 10 katatu kapena kanayi mpaka nyali ya oyilo izime. Ikakana kuzima, imani, onani paipi yoyamwa oyilo ija. Bwezani fyuzi, yendetsani pampu injini isanalire, pitani ndi tishu youma pa joint iliyonse kuyambira ku thanki mpaka ku rail. Kadontho kamodzi, konzani kaye. Chozimitsira moto chikhale pafupi, munthu wachiwiri akhale pa kiyi, galimoto ikhale panja. Ikalira, musaiponde. Chotsekera redieta chikhale chotsegula, kutsogolo kwa galimoto kutakwezedwa pang'ono, muziwonjezera madzi mpaka thovu lithe ndipo hosi yachiwiri itenthe. Dikirani fani iyake ndi kuzima kawiri. Kenaka timing light.

WaMawaya: Musanalumikize batire koyamba, ikani babu ya 21 W pakati pa negative ndi chingwe chake, kiyi ili yotseka. Ikawala kwambiri pali short penapake, ndipo babuyo yakupulumutsirani ECU. Ikangoti nyezi pang'ono kapena osawala, lumikizani.

SipanalaTeni: Ndipo gulani masipanala a 10 atatu. Imodzi igwera mu crossmember tsiku loyamba.